Kwadi yothamanga kapena yonyamula katundu: ndigule iti yokwerera mapiri ndi kusakira?

WakuNtcheu_Vaalwater analemba:

Moni kwa nonse. Ndimakhala pafupi ndi Vaalwater m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, kumene ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyang'anira mipanda ndi zitsime pa famu ina ya nyama zakutchire. Ndasonkhanitsa kandalama koti ndigule kwadi (njinga yamoto ya matayala anayi) yangayanga, yoyendapo kale, chifukwa ya pa famu imagwiridwa ndi anthu ambiri ndipo saloleza kutuluka nayo kunja kwa geti.

Ndapeza ziwiri zimene mitengo yake siyikutalikirana kwenikweni. Imodzi ndi Yamaha Raptor 700, yothamanga ija, ndipo inayo ndi Yamaha Grizzly 700, yokhala ndi makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito zimene ndikuyifunira ndi ziwiri. Loweruka ndimafuna kumayenda ndi anzanga m'tinjira ta m'mapiri a Waterberg, ndipo m'nyengo yozizira mwini famu amandilola kusaka nswala imodzi kapena ziwiri ndi njiri, ndili naye limodzi komanso ndi mfuti yake, kuti tipeze ndiwo za pakhomo. Ndinene zoona, mtima wanga uli pa Raptor, chifukwa nditayiyesa kwa mphindi khumi zokha ndinatsika ndikusekerera ngati mwana. Kodi alipo amene anasakirapo ndi kwadi yotereyi? Kodi nswala ingamangidwe pamenepo? Chonde ndithandizeni maganizo ndisanapereke ndalama.

MakanikaWaPolokwane anayankha:

Achimwene, makina onse awiriwa ndawamasulapo kambirimbiri, ndipo chimene chimasokoneza anthu n'chakuti injini zake n'zofanana kukula, popeza Raptor ili ndi 686cc ndipo Grizzly za zaka zambiri zilinso ndi 686cc. Kufanana kwake kumathera pomwepo.

Raptor imakoka ndi matayala akumbuyo okha, kudzera pa tcheni ngati njinga yamoto, ndipo ili ndi magiya asanu oponda ndi phazi, kalachi ya m'manja, ndi giya yobwerera m'mbuyo. Chiguduli cha tcheni ndi mbale ya buleki zili pansi penipeni pa ekiselo yakumbuyo, moti mpata wa pakati pa chitsulo ndi nthaka ndi pafupifupi masentimita 11 basi. Pamchenga zimenezi zilibe kanthu, koma Waterberg ndi dziko la miyala, ndipo inu mukulidziwa kuposa ine. Mwala umodzi wobisala m'udzu ukhoza kupinda mbale ya buleki kapena kugwetsa tcheni, inu muli makilomita ambiri kuchokera kunyumba. Grizzly imayendera shafuti yotsekeredwa, tayala lililonse lili ndi sipiring'i yakeyake, ndipo mimba yake ili pamwamba pafupifupi masentimita 28 kapena kuposerapo. Mukasindikiza batani imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo mukatitimira m'khwawa mumatha kutseka difu (giya yogawira mphamvu ku matayala awiri) yakutsogolo kuti matayala onse azungulire limodzi.

Tsopano nkhani ya nyama. Nswala yamphongo imalemera pakati pa makilogalamu 50 ndi 75, ndipo njiri yaikulu imatha kupitirira pamenepo. Kaliyala wakumbuyo wa Grizzly analembedwa kuti asenze makilogalamu 85 mpaka 90 malingana ndi chaka chimene inapangidwa, wakutsogolo 45 mpaka 50, ndipo imakoka ngolo ya makilogalamu pafupifupi 600. Raptor ilibe kaliyala ngakhale mmodzi, ilibenso pokolekera ngolo. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo kogwirira ponyamula, kamene sikanapangidwire katundu. Ndinaonapo munthu atawotcherera kaliyala pamenepo, ndipo chimene chinatsatira n'chakuti akangoponda moto pachitunda matayala akutsogolo ankanyamuka, chifukwa kulemera konse kunali kuseri kwa ekiselo.

Chimene anthu amaiwala kwambiri n'chakuti posaka simuthamanga. Mumayenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, maso ali patchire, ndipo mumaima kawirikawiri. Pa Raptor zimenezi zikutanthauza dzanja lamanzere kufinya kalachi tsiku lonse, injini kuzima pamalo oipa, ndi mbale za kalachi kupsa msanga. Grizzly imasintha yokha magiya kudzera pa lamba, ndipo ili ndi giya yotsika imene imayenda mwakachetechete ngati ng'ombe yokoka khasu. Thanki yake imalowa malita 18 mpaka 20, pamene ya Raptor imalowa 11 okha. Kwa ine funso lanu layankhidwa ndi nswala ija.

Mchenga_CapeTown anayankha:

Zimene anena a makanika pa nkhani ya katundu sindingazitsutse, koma ndikuona kuti aipondereza Raptor mopitirira muyeso. Ine ndayenda nayo zaka zinayi, kwambiri ku Atlantis Dunes, komanso m'tinjira touma ta m'mafamu, ndipo palibe kwadi yonyamula katundu imene ingapereke chisangalalo chimene imapereka iyi. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 190, pamene Grizzly ili cha m'ma 300. Kusiyana kumeneku mumakumva m'mapewa pokhota, ndipo ikatitimira mumatsika n'kuinyamula kumbuyo nokha. Kukonza kwake nakonso n'kosavuta, chifukwa ilibe malamba, ilibe difu yakutsogolo, ilibenso timipira tambirimbiri totchinga mashafuti timene timang'ambika ndi minga.

Achimwene a ku Vaalwater, ndikupempheni kuti muwerenge masiku. Kusaka mwanena kuti ndi nswala imodzi kapena ziwiri pachaka, pamene Loweruka limabwera sabata iliyonse. Ngati tsiku losaka mwini famu amakhala pomwepo, ndiye kuti galimoto yake ya bakkie kapena kwadi ya pa famu ingathe kunyamula nyamayo, inu n'kusunga ndalama zanu pa chinthu chimene mtima wanu ukufuna. Komabe ndivomereze kuti ine sindinayendepo m'miyala ya Waterberg, ndipo ngati anzanu onse ali ndi za 4x4 ndipo amasankha njira za makwawa, mudzakhala munthu wokokedwa ndi chingwe tsiku lililonse, zimene sizisangalatsa. Palinso zapakatikati monga Can-Am Renegade ndi Polaris Scrambler, zokoka ndi matayala anayi koma zopangidwira liwiro, kungoti mitengo yake ndi ya masipeya ake imaluma.

GogoWaThabazimbi anayankha:

Mwana wanga, ine ndagwira ntchito yolondola mapazi a nyama ndi kusenda zikopa kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikugwirizana ndi a makanika kuti ugule yonyamula katundu. Koma ndikufuna ndikuuze mbali imene sanaikhudze, chifukwa kulemera kumene kumaithandiza kukoka ndi komwenso kumathyola anthu nthiti.

Chaka china tinapha ngoma yamphongo madzulo, m'mbali mwa phiri momwe galimoto sikanatha kufika. Ngoma yotere imapitirira makilogalamu 200, ndiye tinaidula pakati, ine n'kumanga miyendo yakumbuyo pa kaliyala, kutsogolo osaikako kanthu. Dzuwa linali litapendeka kale ndipo ndinkafuna kufika pamsewu kusanade, choncho m'malo motsika molunjika ndinadula mtsetse chopingasa. Tayala lakumtunda linakwera kamwala kosaposa mutu wa munthu. Sindinali kuthamanga ayi, mwina liwiro la munthu woyenda pansi, koma ndinangoona chogwirira chikubwera kumaso kwanga, kenaka kwadi yonse inali pamwendo wanga, petulo akudontha pa malaya. Anzanga awiri ndiwo anaitembenuza. Ndikanakhala ndekha ndikanagona pomwepo mpaka m'mawa. Mpaka lero bondo limenelo limandiuza mvula isanagwe.

Ngozi zoterezi n'zimene zinachititsa boma la Australia kulamula kuti kuyambira mu October 2021 kwadi zatsopano za ntchito zizigulitsidwa zili ndi chitsulo choteteza wokwera kuti asapsinjidwe ikagubuduka, ndipo makampani ena, kuphatikizapo Honda ndi Yamaha, anasankha kusiya kugulitsa kwadi zoterezi m'dzikomo m'malo motsatira lamulolo. Iwe ukagula, katundu uzimugawa kutsogolo ndi kumbuyo, uzimumanga motsika ndi zingwe zokoka zolimba, ndipo phiri uzilikwera ndi kulitsika molunjika. Nyama yaikulu ndi ya ngolo kapena ya maulendo awiri. Chisoti uzivala ngakhale posaka, usanyamule munthu kumbuyo pa kwadi ya mpando umodzi, ndipo mfuti iziyenda yopanda chipolopolo, m'chikwama chake chomangidwa bwino. Kwadi uziisiya patali n'kumalizitsa wapansi, chifukwa nswala imamva injini uli kutali, ndipo kuthamangitsa nyama ndi makina si ulenje.

WakuNtcheu_Vaalwater anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo, pepani ndi bondolo. A ku Cape Town mwandigwira pomwe pali bala, chifukwa n'zoona kuti ma Loweruka ndi ochuluka kuposa masiku osaka. Koma nditaganiza za njira zimene timayenda, ndaona kuti mwa anzanga asanu, anayi ali ndi za 4x4, ndipo kumene timakonda kupita timawoloka makwawa awiri a miyala yokhayokha. Komanso ndinaiwala kunena kuti nthawi zina ndimafuna kunyamula waya ndi mitengo ya mpanda pa ntchito zanga zapadera. Loweruka likudzali ndikupita kukaionanso Grizzly ija. A makanika, ndikayang'ane chiyani kuti ndisagule mavuto a munthu wina?

MakanikaWaPolokwane anayankha:

Mukafike m'mawa osawauza ola lenileni, kuti mukaipeze injini ili yozizira, chifukwa injini yotopa imaonetsa utsi ndi phokoso poiliza koyamba. Mukatsegule bokosi la sefa ya mpweya n'kupisa chala kuseri kwa sefayo. Mukapeza fumbi lofiira kumeneko, dziwani kuti lalowanso mu injini, ndipo fumbi la Limpopo silikhululuka. Mukayang'ane oyilo wa injini ndi wa madifu onse awiri, ndipo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti kwadiyo inamizidwapo m'madzi.

Kenaka mukagone pansi ndi tochi n'kuona timipira ta mashafuti onse anayi, chifukwa kamodzi kakang'ambika mchenga umadya jointi m'masabata ochepa. Mukagwedeze tayala lililonse ndi manja awiri kuti mumve ngati mabering'i ndi mabushi akusewera. Poyendetsa, mukayese giya yokwera, yotsika ndi yobwerera m'mbuyo, mukayatse 4x4 ndi loko ya difu pa dothi lotayirira kuti muone ngati zikulowa ndi kutuluka, ndipo mukamve ngati lamba akuterereka kapena kununkha mphira wopsa, chimene chimasonyeza kuti mwini wake ankakoka ngolo pa giya yokwera. Nambala ya felemu ifanane ndi ya pa mapepala, chifukwa kwadi zobedwa m'mafamu zimagulitsidwa motchipa.

Mukaigula, ndalama yoyamba ipite ku matayala olimba okhuthala a 6-ply, mankhwala otseka mabowo othira m'kati, ndi kapampu kam'manja. Minga ya mtengo wa sekelbos imaboola tayala la kwadi ngati singano pansalu. Mukabwerako mudzandiuze maonekedwe a oyilo amene mwapeza mu difu yakumbuyo.