Mng'ono wanga wakadandaula ku polisi za nkhanza za m'banja, kodi tiyembekezere chiyani tsopano?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene nkhani yotere mukuidziwa bwino, makamaka apolisi ndi odziwa malamulo. Mng'ono wanga wakhala akumenyedwa ndi mwamuna wake kwa nthawi yaitali, ndipo nkhani imangothera kwa ankhoswe, amene amamuuza kuti banja ndi kupirira. Ulendo uno anavulala kwambiri kumaso ndi m'nthiti, choncho ndinamuperekeza ku Victim Support Unit ya ku polisi yathu, kumene anamulemba sitetimenti ndi kutipatsa kalata yopita nayo kuchipatala. Adokotala atamuyeza analemba lipoti limene tinabwerera nalo ku polisi.

Alamu anga anagwidwa, koma sanachedwe kutuluka pa belo, ndipo apa ndi pamene mtima wanga sukukhazikika. Iwo akuyenda m'mudzi akunena kuti mlandu watha, apongozi ake a mng'ono wangayo akubwera kudzamukakamiza kuti akathetse nkhaniyo chifukwa ana atatu asowa wowadyetsa, ndipo mng'ono wangayo akugona kwanga pamene katundu wake yense ali kunyumba imene anamanga limodzi. Kodi belo ndiye kuti mlandu wathadi? Nanga akaopsezedwanso tithawire kuti, ndipo ndi zoona kuti mng'ono wangayo ndiye ayenera kuchoka panyumbapo?

Yankho loyamba:
Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Belo si kutha kwa mlandu. Malamulo a dziko lino amafuna kuti munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48 kapena amasulidwe, n'chifukwa chake apolisi amapereka belo, imene ndi yaulere, uku akumaliza kufufuza. Bwererani ku polisi mukafunse dzina la wapolisi wofufuza, nambala ya fayilo ndi tsiku la kukhoti, ndipo musunge kope la lipoti la kuchipatala pamodzi ndi zithunzi za mabalawo. Mwamunayo akangoopseza mng'ono wanu, ngakhale pa foni, kaneneni ku polisi tsiku lomwelo, pakuti kuopseza mboni kungachititse kuti belo imuthere.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezere za nyumba, chifukwa amayi ambiri amataya zawo posadziwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti la majisitireti mphamvu yopereka chiletso choteteza wozunzidwa, chimene chimaletsa mwamunayo kumuyandikira kapena kumuvutitsa, ndipo ngati moyo uli pachiswe khoti lingathe kupereka chiletso chongoyembekezera mwamunayo asanamvedwe. Lamulo lomwelo limalolanso khoti kulamula kuti mkazi ndi ana akhale m'nyumbamo, wankhanzayo ndiye achoke. Wophwanya chiletso chotere wapalamula mlandu wina. Za chakudya cha ana, mng'ono wanu angathe kupempha khoti kuti lilamule bambowo kupereka chithandizo, ndipo ngati alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau.

Yankho lachitatu:
Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi apongoziwo. Muyembekezere kuti ku Victim Support Unit nakonso angafunse ngati awiriwa akufuna kuyanjanitsidwa, popeza uphungu ndi mbali ya ntchito yawo, koma munthu wovulazidwa chotere sayenera kukakamizidwa kuvomera. Nkhani ikalowa m'khoti mlandu umakhala wa boma ndipo iye amakhala mboni, kotero kuuthetsa sikudalira ankhoswe ayi. Milandu imachedwa ndipo tsiku limatha kusinthidwa kangapo, choncho muzimuperekeza nthawi zonse kuti asakomoke yekha panjira. Usiku zikavuta imbani 5600, nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, kapena 116 ngati ana akhudzidwa, ndipo akafuna kukatenga katundu wake asapite yekha, apemphe wapolisi amuperekeze.