Za funso langa lija la literature ndi drama: ndinatenga zonse ziwiri

Zikomo kwambiri abale ndi alongo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati n'chanzeru kuphunzira mabuku a Chingelezi pamodzi ndi zisudzo pa digiri imodzi. Amalume kuno ku Chipata ankati zisudzo n'zamasewera, sizidyetsa munthu.

Ndinatsatira malangizo a amayi aja, mphunzitsi wa ku Katete, amene anati ndiwonjezerepo maphunziro a uphunzitsi kuti ntchito isadzandisowe. Amalume atamva mawu oti uphunzitsi, mtima wawo unakhala pansi.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti maphunziro awiriwa amathandizana. Sewero limene unaliyesezapo pa siteji sulivutikira pa mayeso, chifukwa umadziwa chimene munthu aliyense wa m'seweromo akufuna komanso pamene mawu ake akulemera. Tinaphunziranso za Chikwakwa Theatre ya ku UNZA (Yunivesite ya Zambia), imene inkapita m'zigawo kukachita zisudzo m'zinenero zathu. Nkhani yanga yoyamba yomwe aphunzitsi anaikonda inali ya Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo zambiri ndinazitenga pa zomwe ndinaona pa Kulamba ku Mkaika. Ife a kum'mawa tili ndi poyambira.

Koma nthawi imachepa. Kuyeseza kumachitika madzulo, mabuku owerenga ndi ambiri, ndipo ena ndi a Chingelezi chakale chovuta. Pemphani mndandanda wa mabuku temu isanayambe, muyambe kuwerenga muli kunyumba. Amene mukufuna ngongole ya HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, konzani mapepala msanga.