CSP ya "ulere" ija: ndiulere kuti, ndipo mlandu ukagwa ndi wa ndani?

aNabanda: Anzanga owerengera ndalama, ndithandizeni. Kasitomala wanga kuno ku South Bend, mu state ya Indiana ku America, amagulitsa madiresi a chitenje, zikwama ndi nsalu zosasoka pa intaneti, pa Shopify ndi pa Etsy. Maoda a ku Michigan adutsa 200 chaka chino, ndiye akuyenera kulembetsa sales tax, msonkho wa pa malonda, kumeneko. Wina wamuuza kuti akatenga kampani yovomerezeka ndi boma yomuyendetsera za msonkhowu salipira kalikonse. Ndi zoona?

aPhiri: Theka lake ndi loona, achemwali. Akunena za CSP (Certified Service Provider), makampani ovomerezedwa pansi pa Streamlined Sales Tax, mgwirizano wa ma state 24 womwe unayamba kugwira ntchito mu 2005. Ena mwa iwo ndi Avalara, TaxCloud ndi Sovos. Amawerengera msonkho, kutumiza ma return ndi kupereka ndalamayo, ndipo state ndiyo imawalipira potapa pa msonkho womwewo. Koma ulerewo ndi wa m'ma state momwe wogulitsa alibe shopu, katundu wambiri kapena antchito. Ku Michigan inde. Ku Indiana komwe ali ndi shopu, ayi, alipira yekha.

aMbewe: Asayiwalenso kuti California, Texas, New York ndi Florida sali mumgwirizanowu. Amalawi ambiri ogula zitenje ali ku Texas komweko.

aNabanda: Ku Texas malonda ake ndi ochepa, sanafike pa malire oti alembetse. Nanga za pa Etsy ndiziwerengere?

aPhiri: Etsy amatolera okha ndi kupereka okha msonkho wa zomwe zagulidwa pa iwo. Za pa Shopify ndiye mutu wanu. Koma poona ngati wadutsa malire, ma state ena amaphatikiza zonse, ena ayi, choncho yang'anani lamulo la state iliyonse payokha. Malire a $100,000 kapena maoda 200 aja anatchuka ndi chigamulo cha khothi lalikulu la America pa mlandu wa Wayfair mu 2018, koma South Dakota yomwe inayambitsa mlanduwo inachotsa za 200 mu 2023.

Mayi Chisale: Ine changa ndi pa katundu, chifukwa ndi pomwe anthu amapsa. CSP ikalakwitsa kuwerengera, mlandu sugwera wogulitsa, n'chifukwa chake satifiketi yovomereza CSP ili yofunika. Koma chitetezocho chimatha ngati inuyo mwaika katundu m'gulu lolakwika. Makina sadziwa chitenje, amangotsata khodi yomwe mwawapatsa. M'matanthauzo a mgwirizanowu diresi ndi chovala, chikwama cha m'manja chili m'gulu la zokometsera, nsalu yosasoka ili kwina, pamodzi ndi ulusi ndi mabatani. Ku Minnesota diresi silikhomedwa msonkho, chikwama chimakhomedwa. Ndiye mukangoika shopu yonse pa khodi ya zovala poti zonse ndi zachitenje, tsiku la audit ndalama ya zikwama idzatuluka m'thumba mwa kasitomala wanuyo.

aMbewe: Apa mwalasa, mayi. Vuto ndi chitenje cha mamita awiri chija. Kwathu timangochimanga m'chiuno, chavalidwa basi. Kwa iwo ndi nsalu.

Mayi Chisale: Eetu. State iliyonse ya mumgwirizano imasindikiza taxability matrix yake, mndandanda woonetsa zokhomedwa msonkho ndi zosakhomedwa, mungaone mmene amatengera zovala. Pa chitenje chosasokacho funsani CSP-yo kudzera pa imelo, yankho lolembedwalo mulisunge mufayilo.

aNabanda: Ndamva. Ndilembetse ma state onse 24 kamodzi kuti ndipumule?

aPhiri: Musatero. Pa SSTRS, njira yolembetsera ya mgwirizanowu, mumasankha ma state omwe mukufuna. Mukalembetsa komwe sakuyenera, mwadzipatsa udindo wotolera ndi kutumiza ma return ngakhale mwezi womwe sanagulitse kanthu. Yambani ndi Michigan. Musanasaine ndi CSP, ayankhe mafunso awiri: dzina lawo lilipo pa mndandanda wa webusaiti ya Streamlined? Ndipo ntchito ya ku Indiana atchaja zingati pamwezi?

aNabanda: Zikomo nonse. Mawa tikhala pansi ndi kasitomalayo tigawe katundu patatu, madiresi, zikwama ndi nsalu, kenako ndiitanitse mitengo kwa ma CSP awiri.