Ndikusamukira mbali ya Chicago ndi ntchito, ndikakhale dera liti poti ndili ndi mfuti?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu moni nonse. A admin chonde musaike dzina langa, pagulu pano pali alamu anga ndipo nkhani ikafika kwa iwowo ndiye kuti yafika ku Ntcheu. Ndimakhala ku South Bend kuno ku Indiana ndi mayi akunyumba ndi ana. Ndapeza ntchito mbali ya Chicago, ndiyamba mwezi wamawa. Yakunoyi ndinatopa nayo, bwana wake ndi uja amakusinthira shifiti Lachisanu madzulo osakufunsa, ovataimu mpaka uchite kukumbutsa. Landilodi naye wayamba kale zoti kapeti tinaononga ndife, chikhalirecho tinaipeza ndi mabanga ake, ndiye dipoziti ija ndikuona kuti yapita. Apongozi akazi akubwera kudzaona zidzukulu, mayi akunyumba akuti nyumba ikhale ya zipinda zitatu komanso pafupi ndi sitolo yopezekako ufa ndi nyama ya mbuzi. Kumudzi nako akudikira ya feteleza. Mutu sukugwira.

Tsono nkhani ndi iyi: ndili ndi mfuti. Ndinagula akuba atatithyolera galimoto pakhomo usiku. Anzanga kuntchito akuti ku Illinois, state yomwe kuli Chicago, ukangolowa nayo basi wamangidwa. Ena akuti zimatengera tauni yomwe ukukhala. Amene mukudziwa madera ozungulira Chicago, ndi kuti komwe munthu wa mfuti savutitsidwa, lendi ili bwinoko komanso sukulu za ana ndi zabwino? Zonyoza ayi chonde.

Ankolo a ku Texas: Mphwanga, USAPITE. Ndayenda ndi thiraki dziko lonse lino, Illinois ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Kumeneko munthu wolungama ndiye amafunsidwa mapepala, chigawenga chikuyenda mwaufulu. Kuno ku Texas kuyambira 2021 sufunikanso layisensi kuti uyende ndi mfuti, kwanu ku Indiana chimodzimodzi kuyambira July 2022. Ndiye usiye ufulu umenewo chifukwa cha madola angati owonjezera pa ola? Bwera ku Dallas, ntchito ndi mbwee, msonkho wa state pa malipiro kulibe.

Make Tadala: Munthu wafunsa za Chicago, inu mukumuitanira ku Dallas. Ankolo inu ngakhale wina atafunsa kaphikidwe ka thobwa yankho lanu ndi Texas basi.

Ankolo a ku Texas: Mayi, ndikunena zomwe ndikudziwa. Mzinda wa Chicago unaletsa anthu kusunga mfuti za m'manja m'nyumba zawo zomwe, mpaka mkulu wina wachikuda, Otis McDonald, anawatengera ku Supreme Court, khoti lalikulu la dziko lonse, nkuwina mu 2010. Gogo wotopa ndi mbava za m'dera mwake. Werengani mbiri musanandiyankhe.

Namwino wa ku Aurora: Achimwene ofunsa, mwatiuza za kapeti ndi za apongozi koma zinthu zofunika simunanene. Mfutiyo ndi yamtundu wanji, yaing'ono ya m'manja kapena zazitali zija za AR-15? Nanga mapepala anu ndi otani, ndinu nzika, muli ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dziko), kapena muli pa viza? Popanda zimenezi aliyense pano akungolota.

Mnyamata wa pa Ndirande: Ife kuno timagona ndi chikwanje kunsi kwa bedi, galu panja, basi tulo mpaka m'mawa. Inu mwapita ku America kukasunga mfuti? Kkkkk tumizani ya feteleza kaye bwana, mvula siidikira.

Mai Busa: Mwana wanga, m'nyumba muli ana aang'ono ndiye mukusungamo chida chophera munthu? Onse ogwira lupanga adzafa ndi lupanga. Gulitsani chinthucho musanasamuke, nyumba yatsopanoyo mulowemo ndi pemphero. Ine ndakhala m'dziko lino zaka zambiri, sindinagwirepo mfuti, Mulungu wandisunga.

Ankolo a ku Texas: Mai Busa, ulemu wanu, koma chitseko chanu mumakhoma usiku kapena mumangopemphera? Nehemiya pomanga linga anthu ake ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi chida. Baibulo tonse timawerenga.

Mai Busa: Loko sapha mwana, bambo.

Wa ku Joni: Inu mukukamba mfuti ya pa pepala. Ine anandiloza nayo pamphumi ku Johannesburg ndikuchokera kuntchito, anyamata awiri, wina wamng'ono woti ndi mwana wanga. Foni, chikwama, nsapato zomwe, ndinafika kunyumba ndi masokosi. Mnzanga yemwe tinali naye anali ndi mfuti yake m'chiuno, anamulandanso imeneyo. Ndiye ine nkhani zoti mfuti imateteza ndimangomvera.

Ankolo a ku Texas: Mnzakoyo sanaphunzire kuigwiritsa ntchito. Mfuti si chithumwa choti ukangovala basi watetezeka. Ine mwezi sutha osapita kokayeserera kuombera.

Make Tadala: Akuuzani za kulandidwa nsapato inu mukuwapatsa malikisi.

Namwino wa ku Aurora: Poti mwiniwake wakhala chete, ndingonena zomwe ndikudziwa, bambo akunyumba ali nayo ndipo tinadutsa momwemu. Zoti ukangolowa nayo wamangidwa si zoona. Kuno ku Illinois aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo amayenera kukhala ndi khadi lotchedwa FOID, limachokera ku Illinois State Police, mumafunsira pa intaneti, ndi madola 10 ndipo limagwira ntchito zaka 10. Mlendo wongosamukira kumene amapatsidwa masiku 60 kuchokera tsiku lomwe watenga layisensi yoyendetsera galimoto ya Illinois. Musazengereze nalo, limatha kuchedwa kutuluka. Khadi limeneli ndi longosungira. Kuyenda nayo m'thupi ndi layisensi ina, imafuna maphunziro a maola 16 ndi madola 150, ndipo ngakhale mukhale nayo, malo ngati sukulu ndi chipatala simulowa nayo. Posamukapo ichotseni zipolopolo, itsekereni m'bokosi lake, iikeni kubuti.

Ankolo a ku Texas: Mwamva? MAOLA 16! Madola 150! Kulipira kuti upatsidwe ufulu womwe uli kale m'malamulo oyendetsera dziko. Ndi zomwe ndikunenazi.

Dalaivala wa Uber: Njira yachidule ilipo: osatuluka mu Indiana. Khalani ku Schererville, Munster, Dyer kapena Crown Point, muzigwira ntchito ku Chicago. Ambiri amatero. Malamulo a mfuti akhala omwe mwazolowera, mafuta agalimoto ndi otchipirako, sitima ya South Shore Line yomwe imachokera kwanu ku South Bend komweko imaima pa Hammond nkukakutulani pa Millennium Station pakati pa mzinda. Nthawinso kumeneko ndi yofanana ndi ya Chicago, osati ngati South Bend yomwe ili patsogolo ndi ola.

Ankolo a ku Texas: Uyu ndiye walankhula. Ndimati ndinene zomwezo.

Make Tadala: Munati Dallas inu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mai Busa ndamva, mayi akunyumba nawo amalankhula ngati inu, mwina mumapemphera limodzi kkk. Ntchitoyo siili pakati pa mzinda, ili ku Elk Grove Village pafupi ndi bwalo la ndege la O'Hare, ndizilowa 6 koloko m'mawa. Komanso ndinaiwala kunena, mlamu wanga yemwe anatibwereka ndalama ya chaka chatha uja ndi amene anayambitsa zoti ndigulitse mfutiyo, ndikudziwa kuti akuifuna yekha motchipa. Za landilodi pali amene akudziwa kochitira dandaulo?

Dalaivala wa Uber: Aaa ngati ndi O'Hare ndiye za Indiana zija iwalani. Tsiku ndi tsiku I-80/94 kenako I-294, mathiraki okhaokha, ma toll kupita ndi pobwera, nthawi ya chipale chofewa ndiye mudzalira. Ana muzidzawaona Lamlungu lokha.

Namwino wa ku Aurora: Achimwene, mwayankha za mlamu, mafunso anga mwawadumpha. Ndifotokoze chifukwa chake ndikulimbikira. Ngati ili ya m'manja, nkhani yosankha tauni chifukwa cha mfuti palibe. Kuyambira 2013 malamulo a mfuti za m'manja kwa munthu wa FOID amaikidwa ndi state, ndi amodzi kaya muli ku Schaumburg kaya ku Elgin. Mungoonetsetsa kuti magazini yake siipitirira zipolopolo 15, poti lamulo la January 2023 linaika malire amenewo, ndipo pa mfuti zazitali ndi 10. Ikakhala ya mtundu wa AR-15 ndiye nkhani ina. Lamulo lomwelo linaletsa kugulitsa ndi kugula mfuti zimenezo, amene anali nazo kale anauzidwa kuti azilembetse pofika 1 January 2024, ndipo Cook County, dera lomwe muli mzinda wa Chicago, ili ndi chiletso chakechake chakale. Elk Grove Village mbali yaikulu ili mu Cook County momwemo. Zikatero muyang'ane ku DuPage County, monga Itasca, Addison, Bloomingdale, ndi pafupi ndi ntchito yanu, koma muimbire kaye Illinois State Police musanawoloke nayo malire.

Ankolo a ku Texas: Lamulo limenelo ma sheriff (akuluakulu a apolisi a ma county) ambiri a ku Illinois komweko ananena poyera kuti sadzamanga nalo munthu, ngakhale wa DuPage County anatero. Pitani ku McHenry County, Crystal Lake uko, kuli anthu oganiza bwino, malo oyeserera kuombera aliko, palibe amene angakuyang'aneni ndi diso loipa.

Mlongo wa ku Waukegan: Ankolo, lamulo mukulinyozalo silinagwe kumwamba. Pa 4 July 2022 ku Highland Park munthu anakwera padenga nkuombera anthu oonerera perete, 7 anafa. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mbali yomweyo, tsiku limenelo tinatsekeredwa m'nyumba ndi agogo anga osadziwa kuti woomberayo ali kuti. Mpaka lero ndikamva makombola a pa 4 July mtima umathamanga. Ndiye mukamati "anthu oganiza bwino" muziona amene mukulankhula nawo.

Ankolo a ku Texas: Pepani mlongo, zinali zoopsa. Koma Highland Park inali italetsa kale mfuti zimenezo kuyambira 2013. Chiletso chinamuletsa woomberayo?

Mlongo wa ku Waukegan: Anakagula kwina, nchifukwa chake anaika lamulo la state yonse. Sindikuyankhaninso.

Bambo a Mapasa: Ine ndingokumbutsa khungu lathuli. Philando Castile ku Minnesota mu 2016 anali ndi chilolezo choyenda ndi mfuti, anamuuza yekha wapolisi mwaulemu kuti ali nayo, anaomberedwa m'galimoto mwana ali kumpando wakumbuyo. Dera "lokonda mfuti" silitanthauza kuti likonda iwe uli ndi mfuti. Posankha kokhala muganizirenso zimenezo.

Mnyamata wa pa Ndirande: Ndiye mukuvutikiranji, bwererani kuno. Magetsi akathima tonse timafanana, wakuba naye saona.

Wophunzira za malamulo: Sindine loya, ndikadali pasukulu, koma funso la anamwino lija ndilo mutu wa nkhani yonse ndipo aliyense akulilambalala. Lamulo la dziko lonse la America, osati la Illinois lokha, limaletsa munthu amene analowa pa viza yosakhalitsa, monga ya sukulu, ya ntchito kapena yodzacheza, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa ngati kukhala ndi layisensi ya ulenje. Amene alibe mapepala ndiye saloledwa nkomwe. Wa green card amaloledwa, koma akapezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti akhoza kuthamangitsidwa m'dziko, green card ili m'thumba. Zoti sheriff wakuti sadzamanga munthu musadalire, sheriff si amene amaweruza nkhani za imigireshoni. Komanso ku Indiana munthu amatha kugula mfuti kwa mnzake popanda kufufuzidwa, ndiye kukhala nayo pakokha sikutanthauza kuti munayenera kukhala nayo. Pofunsira FOID adzakufunsani za mapepala anu. Ngati pali pokayikitsa, onanani ndi loya wa imigireshoni musanalembe fomu iliyonse, ndipo musayankhe pagulu pano.

Make Tadala: Anamwino akuti ayankhe, awa akuti asayankhe. Munthuyo atani?

Namwino wa ku Aurora: Wophunzira za malamuloyu akunena zoona, za mapepalazo asatiuze ife, akauze loya. Koma mtundu wa mfuti angathe kunena. Ndipo achimwene, lease, kalata ya pangano la lendi, muiwerenge musanasaine, eni nyumba ena amalembamo kuti mfuti ayi, ndipo zimenezo sizitengera tauni. Mugulenso bokosi lachitsulo lokhoma, kuno kusiya mfuti poti mwana angaifikire ndi mlandu. Ufa ndi mbuzi musadandaule, masitolo a amwenye ndi a anthu a ku Mexico ali ponseponse mbali imeneyo.

Ankolo a ku Texas: Loya, loya, chilichonse loya. Mudziwa amadya zingati pa ola? Ine ndinabwera m'dziko lino ena mwa inu musanabadwe, sindinalipirepo loya pa nkhani ya mfuti. Mphwanga ndiimbire ku inbox ndikulongosolere bwinobwino, pano pachuluka aphunzitsi.

Wophunzira za malamulo: Inu ndinu nzika ankolo, mukalakwitsa sangakuthamangitseni m'dziko lino. Si onse pano ali choncho.

Mai Busa: Ndikupemphererani nonse, makamaka a ku Texas.

Membala wobisa dzina: Mwandithandiza kwambiri abale. Mapepala anga ali m'njira, zonse zili bwino, musadere nkhawa. Mfutiyo ndinagula kwa mnzanga wakuntchito, dzina lake la mtundu sindilidziwa bwino, ndikayang'ana ndikaweruka. Ndaona nyumba ina ku Addison koma ndi ya zipinda ziwiri, apongozi agona pabalaza kapena? Nanga za dipoziti zija palibe amene wandiyankha.

Namwino wa ku Aurora: "Ali m'njira" kutanthauza chiyani achimwene? Ayi, musandiyankhe pano. Ndakutumizirani uthenga ku inbox kudzera kwa a admin, tsegulani lero lomwe.

Mnyamata wa pa Ndirande: Apongozi pabalaza, mfuti kuchipinda, mlamu ali pagulu pompano akuwerenga. Ine ndakhala pansi, pitirizani.

Ankolo a ku Texas: Za dipoziti, ku Indiana landilodi ali ndi masiku 45 oti akubwezere kapena akulembere zomwe wadula. Jambula kapetiyo usanatuluke. Ku Texas ndi masiku 30, koma poti simufuna kumva za Texas ndangokhala chete.