Kachipatala kapena mlatho? Zokambirana pa gulu la chitukuko cha kwathu

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Komiti inakumana Lamulungu ku Matawale ndipo tagwirizana kuti ndalama tinasonkha zija timangire kachipatala pafupi ndi sukulu, azimayi athu apumeko ulendo wa ku chipatala cha Pirimiti. Amene simunamalize nambala ya Mpamba ndi yomwe ija.

Achimwene a ku Joni: Zabwino zimenezo, yambani basi. Mwezi ukatha nditumiza ya simenti

Aphunzitsi opuma: Pepani a wapampando ndifunseko mwaulemu. Mwagwirizana ndi ndani? Chifukwa amene munakumana ku Matawale nonse mumakhala mtauni. A VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi ija, akudziwa?

Achimwene a ku Joni: Aaa aphunzitsi, ndalama zathu zomwe tikapemphenso chilolezo? Makomiti amenewo ntchito kudikira alawansi basi kkkk

Aphunzitsi opuma: Ndalama ndi zanudi achimwene koma namwino si wanu. Nyumba tikhoza kumanga mpaka kupenta bwinobwino koma wogwiramo ntchito ndi mankhwala zimadzera ku khonsolo, ndiye iwowo amayang'ana kaye pulani ya boma lonse la Zomba ija amati DDP, ngati chinthu mulibemo mudzangotseka chitseko muzigona mileme. Pulaniyo imayambira pansi, VDC kwa gulupu imalemba zofuna za mudzi, ADC, komiti ya chitukuko ya kwa T/A, imasanja zoyamba ndi zotsatira, kenako ndiye zimapita ku khonsolo. Ndondomekoyi si yachilendo, mphamvu ku anthu inabwera 1998.

Achemwali a kumudzi: Zikomo aphunzitsi mwandiyankhulira, ndimangowerenga ndili chete. Ine ndili mu VDC. Tinakhala pansi chaka chatha pa bwalo la agulupu, analipo alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndipo anthu anasankha mlatho. Chipatala chinatchulidwa inde koma chinali kumunsi. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 pa mtsinje paja timaolokera pa mitengo iwiri ya bulugama, mvula ikagwa usiku mmawa ana a tsidya lino sukulu palibe, wa kabaza amakutsitsa pagombe thumba la chimanga usenze wekha kupita ku chigayo. Mayi wodwala chimamuvuta ndi kuoloka osati kutalika kwa Pirimiti. Kachipatala mukukanenako mukamanga kusukulu, ife a tsidya lino tidzaolokabe pa bulugama yemweyo

Amalume a ku Lilongwe: Mwanena zomveka mwana wanga koma tisanamizane. Mapulani amenewa angati analembedwa nkungokhala mmafayilo? Dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, anthu anazolowera kuthamangira kwa MP kukapempha za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu lija, za VDC ndani amaziwerengera. Komanso funso langa, pa bwalopo anayankhula ndi anthu kapena agulupu ndi abale awo?

Achemwali a kumudzi: Amalume poyamba amayankhula azibambo okhaokha sindikana, azimayi tinangokhala kumbali pa zitenje zathu. Koma alangizi anatigawa, azimayi patokha achinyamata paokha azibambo paokha. Azibambo ankafuna msewu, ife ndi achinyamata tinati mlatho. Agulupu iwo ankafuna holo, anagonja.

Achimwene a ku Joni: Holo kkkkk agulupu amenewo

Msungichuma: Ndibwere ndi mbali ya thumba. Ndalama tili nazo mlatho sizingamalize, mwina ngakhale theka osafika, zitsulo ndi simenti mitengo yake mukuidziwa. Komanso mlatho si khola loti mmisiri aliyense angoyamba, pafunika injiniya wa ku khonsolo ayeze kaye malowo. Maganizo anga tiuze ADC kuti ife tilipira mayendedwe a mchenga ndi miyala ndi simenti ina, anthu kumudzi atute, zotsala khonsolo ione kuti zichokera ku CDF kapena DDF, thumba la chitukuko la khonsolo lija.

Amalume a ku Lilongwe: Ndiye tidikira mpaka liti? Kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku, chaka chamawa ndalamayo idzagula matumba angati

Msungichuma: Apo pokha ndilibe yankho amalume. Simenti kugula kusunga imauma.

Wapampando: Ndamva nonse. Komiti sinachite mwamwano ayi, ena a ife tinabadwira panjira ya ku chipatala nchifukwa chake tinaganiza choncho. Achemwali tipezereni tsiku limene ADC ikukumana, ine ndi aphunzitsi tibwera, a khansala ndiwaimbira ndekha. Za kachipatala sitinazitaye, tikazifunsa komweko.

Achimwene a ku Joni: Ine yanga ndiigwira kaye mpaka ndione kalata yosainidwa. Mukapita mujambule tione

Achemwali a kumudzi: Ndikafunsa a mlembi a ADC mawa ku msika wa Jali. Mukabwere ndi nsapato zoti zinyowe, galimoto muisiya tsidya lija