Kodi maphunziro a netiweki ku koleji amakufikitsa pa ntchito yanji?

Wongoyamba_kumene

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndikufuna kukaphunzira za netiweki ya makompyuta ku koleji, koma anthu akundiuza zosiyanasiyana. Ena akuti dipuloma kapena digiri ndi yokwanira, ena akuti popanda satifiketi ya Cisco yotchedwa CCNA pepala lakukoleji silikupezetsa ntchito. Kodi m'kalasimo amaphunzitsa chiyani kwenikweni? Masamu ake ndi ovuta bwanji? Nanga ukamaliza umayambira pa ntchito yanji?

Subnet26

Achimwene, za masamu musade nazo nkhawa, kulibe calculus kuno. Chimene chimagwetsa ambiri chaka choyamba ndi subnetting, kugawa netiweki m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo chimawagwetsa chifukwa amangoloweza osamvetsa. Adiresi ya IPv4 ili ndi ma bit 32. Mukalemba 192.168.10.0/24 ndiye kuti ma bit 24 oyambirira ndi a netiweki, 8 otsalawo ndi a makompyuta. Ma bit 8 amatulutsa maadiresi 256, koma awiri sapatsidwa kompyuta iliyonse: yoyamba imaimira netiwekiyo, yomaliza ndi ya broadcast, yotumizira uthenga kwa makompyuta onse nthawi imodzi. Ndiye amatsala 254. Mukaidula kukhala /26 mumapeza zigawo zinayi za maadiresi 64, zoyambira pa .0, .64, .128 ndi .192, ndipo m'chigawo chilichonse ogwiritsidwa ntchito ndi 62. Munthu akakuponyerani 192.168.10.100/26, muzitha kuyankha pompo kuti ili m'chigawo cha .64 ndipo broadcast yake ndi .127. Zimenezi zimafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku, papepala, mpaka zitalowa m'magazi.

China ndi OSI model, imene imagawa kayendedwe ka uthenga pa netiweki m'magawo 7. Ambiri amaloweza mayina ake kuti akhoze mayeso, n'kuiwala. Komatu ntchito yake ndi kukupatsani dongosolo losakira vuto. Wina akadandaula kuti intaneti sikugwira, mumayambira pansi. Kanyali ka pa port kakuyaka? Ngati kakuyaka, kompyutayo ili ndi adiresi yanji? Ikakhala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti inapempha adiresi kwa DHCP, seva yogawa maadiresi, koma sinayankhidwe, ndiye inadzipatsa yokha. Adiresi ikakhala yabwino, chitani ping (kutumiza kauthenga koyesa ngati mbali inayo iyankhe) ku gateway, rauta imene ili khomo lotulukira kunja. Gateway ikayankha, yesani 8.8.8.8, adiresi ya seva ya Google pa intaneti. Iyinso ikayankha koma mawebusaiti akukanabe kutseguka mukalemba mayina awo, wolakwa ndi DNS, imene imasandutsa mayina kukhala maadiresi; chingwe ndi rauta zisiyeni. Wosadziwa dongosololi amangozimitsa ndi kuyatsa rauta, n'kumadikira mwayi.

Zina zimene mudzakumane nazo ndi switching, routing monga OSPF, Wi-Fi, maseva, ndi chiyambi cha chitetezo cha netiweki.

Waya_wa_Cat6

Ndiwonjezereko pa zimene akuluwa anena. Posankha koleji, pemphani muone labu ndi maso anu. Muli maswichi ndi marauta angati amene ophunzira amaloledwa kuwagwira? Kalasi yonse ikamaunjirira swichi imodzi, wophunzira ndi amene wagwira kiyibodi yekhayo, enawo ndi oonerera.

Ndipo musanyoze ntchito ya zingwe, chifukwa mavuto ambiri amabisala kumeneko. Pomanga mutu wa chingwe wa RJ45 motsatira dongosolo la T568B, mawaya amafola chonchi: woyera wa mizere ya olenje, olenje, woyera wa mizere yobiriwira, buluu, woyera wa mizere ya buluu, wobiriwira, woyera wa mizere ya bulauni, bulauni. Taonani kuti awiri obiriwira aja satsatana, wina ali pa pini 3, mnzake pa pini 6, a buluu ali pakati pawo. Wongoyamba amaona ngati n'kulakwitsa, ndiye amaika mitundu yofanana moyandikana mbali zonse ziwiri. Tesita yaing'ono ija imayatsa nyali zonse 8, munthu n'kusangalala. Koma pini 3 ndi 6 zagwera pa mawaya osapotana limodzi, ndipo kupotanako ndi kumene kumateteza uthenga kuti usasokonezeke. Chingwe choterocho chimagwira ntchito mwa apo ndi apo, makamaka chikatalika. Pa chifukwa chomwechi musamapotolole mawaya kupitirira mamilimita 13 pomanga mutu.

Kumbukiraninso kuti liwiro la gigabit limafuna mawaya onse 8, pamene 100 Mbps imangofuna anayi. Kompyuta imene imayenera kuthamanga pa 1000 ikamaonetsa 100, nthawi zambiri waya mmodzi sanalumidwe bwino m'mutu. Malire a chingwe cha kopa ndi mamita 100, kuwerengera pamodzi 90 a m'khoma ndi 10 a tizingwe tolumikizira. Kupitirira apo ikani swichi pakati kapena kokani faiba.

Vuto lina limene muyenera kuliona mu labu musanakalione kuntchito ndi loop. Wina waona chingwe chikulendewera, n'kuchilowetsa pa port ina ya swichi yomweyo pofuna kuthandiza. Uthenga wa broadcast umayamba kuzungulira osatha, chifukwa pa gawo lachiwiri la OSI palibe chowerengera choti uthengawo ufe. Nyali zonse za pa swichi zimaphethira pamodzi ndipo ofesi yonse imaima. Spanning Tree inapangidwira zimenezi, koma ngati yazimitsidwa, kapena kaswichi kake n'kopanda Spanning Tree, mudzazula zingwe chimodzichimodzi mpaka bata litabwerera.

NOC_usiku

Funso lanu la digiri kapena CCNA, zinthu ziwirizi sizilimbana. Pepala lakukoleji silitha ntchito, ndipo m'mabungwe akuluakulu ndi limene olemba ntchito amayamba kusefera makalata, komanso limafunika pokwezedwa udindo. Satifiketi imauza amene akukufunsani mafunso kuti zida mumazidziwa. Mayeso a CCNA a panopa ndi 200-301, anayamba mu 2020, amatenga mphindi 120, ndipo satifiketi yake imakhala zaka 3. Chifukwa cha zaka zitatuzo, ine ndingati mulembe chaka chomaliza cha koleji kuti isakuthereni muli pasukulu. CompTIA Network+ ndi yopepukirako ndipo siitsamira kampani imodzi. Palinso JNCIA ya Juniper, HCIA ya Huawei ndi MTCNA ya MikroTik. Werengani zolengeza ntchito zingapo muone dzina limene likubwerezedwa, musankhe potengera zimenezo.

Chenjerani ndi ma dump, mafunso obedwa aja amene anthu amaloweza. Mayeso mukhoza, koma pa intavyu adzakupatsani laputopu ndi swichi n'kunena kuti tapangani VLAN ziwiri (timanetiweki togawidwa m'kati mwa swichi) zilankhulane. Pamenepo palibe A, B kapena C.

Za ntchito, musayembekezere kuti mukayamba ndi udindo wa network engineer. Ambiri amalowera pa help desk kapena pa utekinishani: kukoka zingwe, kuika ma access point, kukonza ma port. Ena amalowera ku NOC, chipinda choyang'anira netiweki usana ndi usiku, kumene ntchito ndi yamashifiti. Mumaona alamu, mumatsegula tikiti, mumayesa zoyambirira, zikakukanikani mumapereka kwa akuluakulu anu. N'kotopetsa, koma palibe malo ena amene mungaone mavuto ochuluka chotere m'nthawi yochepa. Kuchoka apo ndiye network administrator kapena engineer, kenako njira zimagawikana. Kumakampani opereka intaneti ndi a mafoni kumafunika BGP, MPLS ndi faiba. Ku chitetezo ndi ma firewall, VPN ndi kuwerenga ma log. Ku cloud, monga AWS ndi Azure, mudzapezanso subnetting ndi routing yomwe ija, kungoti simuigwira ndi manja.

Wongoyamba_kumene

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Nanga labu yakukoleji ikakhala yoperewera, munthu angayeserere bwanji payekha?

Rauta_yakale

Laputopu ndi yokwanira poyambira. Packet Tracer, pulogalamu yoyesererapo netiweki pa kompyuta, imapezeka mwaulere mukalembetsa ku Cisco Networking Academy, ndipo siilemera pa kompyuta. GNS3 ndi EVE-NG zimayendetsa mapulogalamu enieni a marauta, koma zimadya RAM, ndiye muzipeze pambuyo pake.

Yambani ndi ichi. Maswichi awiri, rauta imodzi, makompyuta anayi. Pangani VLAN 10 ndi VLAN 20, lumikizani maswichiwo ndi trunk ya 802.1Q (chingwe chimodzi chonyamula VLAN zonse ziwiri), pa rauta pangani ma subinterface awiri (kugawa port imodzi pawiri, VLAN iliyonse ndi gawo lake), ndipo seva ya DHCP ikhale mu VLAN 10 mokha. Mudzaona kuti makompyuta a mu VLAN 20 sakulandira adiresi, chifukwa pempho la DHCP ndi broadcast ndipo rauta siilola broadcast kuwoloka. Mankhwala ake ndi kulemba lamulo la ip helper-address pa subinterface ya VLAN 20. Zikagwira, muuze mnzanu awononge chinthu chimodzi inu musakuona, achotse VLAN pa trunk kapena asinthe gateway, inu musake. Kenako ikani Wireshark, pulogalamu yoonetsa mauthenga odutsa pa netiweki, pa laputopu yanu yeniyeni, lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew ngati ndi ya Windows, muone mauthenga a DHCP a Discover, Offer, Request ndi Acknowledge akudutsa.

Pa za kudikira chaka chomaliza ndisiyana nawo pang'ono a NOC_usiku. Mayesowo mulembe mochedwa, inde, koma silabasi ya CCNA muyambe kuiwerenga chaka choyamba, chifukwa imayenda limodzi ndi za m'kalasi. Muikepo Linux ndi Python pang'ono, pakuti kukonza maswichi 50 polowa mu imodziimodzi ndi ntchito imene masiku ano amaipatsa script kapena Ansible.

Zizolowezi ziwiri muyambe nazo mu labu momwemo. Pa zida za Cisco, zimene mwasintha zimakhala mu running-config, ndipo magetsi akangothima zapita, pokhapokha mutalemba copy running-config startup-config. Ndipo mukamasintha rauta imene ili kutali kudzera pa SSH, yambani mwalemba reload in 10, osasunga kaye zimene mukusinthazo. Mukadzitsekera kunja ndi access list (mndandanda wa ololedwa ndi oletsedwa kudutsa) yolakwika, pakatha mphindi 10 rautayo idzayambiranso yokha ndi dongosolo lakale. Zonse zikayenda bwino, lembani reload cancel, kenako musunge.