Nkhani ya judo ya ana mu holo yathu

Mlembi: Moni nonse, a kuno ku Chipata ndi inu muli ku Lusaka ndi ku migodi. Pamsonkhano wa Loweruka tinasiya nkhani imodzi ili m'malere. Mnyamata wathu uja anaphunzira judo, masewera ogwetsana, ku Lusaka akufuna kuyambitsa kalasi ya ana a zaka 7 mpaka 12, kawiri pa sabata akaweruka kusukulu. Malipiro sakufuna. Akungopempha mamati ogwerapo ana ndi kiyi ya holo. Lankhulani.

Amalume a ku Kitwe: Ine ayi. Ndalama tinasonkha n'za mjigo. Ana a ku Mchini ndi ku Nabvutika ndewu amaidziwa kale, ndiye ife tiwawonjezere luso? Mawa wina akathyola mnzake mkono, makolo adzagogoda kwa ife.

Msungichuma: Za mjigo zili padera amalume, sitikhudza. Koma ndineneretu, mamati si otchipa.

Amayi a ku Kapata: Nanenso ndinkaganiza ngati inu achimwene, mpaka nditaperekeza mdzukulu wanga pamene mnyamatayu ankayeserera ndi ana ochepa. Ndinapita ndi mkwiyo wanga, kuti ndikamutengeko. Tsiku limenelo palibe anagwetsa mnzake. Ola lathunthu ana ankangodzigwetsa okha: chibwano pachifuwa, kugwa chagada, mkono n'kumenya pansi kuti phwa! Akuti dzina lake ndi ukemi, mwana adziwe kugwa osavulala asanagwire munthu. Mapatapata anali pamzere pakhomo. Asanayambe amaweramirana, akamaliza amaweramirananso, ndipo wa zikhadabo zazitali anabwezedwa kuti akawenge. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mnzako akagunda pansi kusonyeza kuti wagonja, umamusiya nthawi yomweyo, ngakhale mtima uli m'mwamba. Ndi angati mwa ife akuluakulu timatha zimenezo? Mwezi watha mwanayu anagwa panjinga popita ku Saturday Market, anangodzuka n'kusasa fumbi.

Aphunzitsi opuma: Ndiwonjezereko. Anayambitsa judo ndi Jigoro Kano ku Japan mu 1882, ndipo anali munthu wa zamaphunziro. Pampikisano wa judo saponya nkhonya kapena mateche ngati karate, ndi kugwetsana ndi kupanikizana pansi. Kuno ku Zambia amene anailimbikitsa zaka zambiri ndi wansembe wa ku Ireland, Father Jude McKenna. Koma tisadzinamize. Lamba woyera wa judo pawokha sasintha mwana. Ndaphunzitsa nthawi yaitali, ana amatengera munthu amene waima kutsogolo kwawo. Akakhala wodzitama, tidzatulutsa tiana todzitama. Funso langa n'lakuti adzamuyang'anira ndani?

Amalume a ku Kitwe: Eya, aphunzitsi mwafikapo. Nanga atsikana? Azikagwirana ndi anyamata?

Amayi a ku Kapata: Catherine Phiri atatenga lamba wa nkhonya wa WBC ku Mexico mu 2016 inu simunalulutire nafe? Atsikana azisewera okhaokha ngati ndilo vuto, koma asatsekeredwe kunja. Ndipo tsiku lililonse pazikhala kholo limodzi, chitseko chotsegula. Lachiwiri ndidzakhala ine, tomato wanga agulitsa apongozi.

Msungichuma: Nanga titangosonkhanitsa matiresi akale?

Mlembi: Ndinamufunsa kale. Akuti ayi, phazi la mwana limalowa pakati pa matiresi n'kubinya. Poyambira bola utuchi wochindikala, pamwamba n'kukungapo tenti. Zovala zoyera za judo zija zidikire, malaya olimba akwanira.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Tiyese temu imodzi ndi utuchi ndi tenti, ana asapitirire 20, kholo lililonse lisayine. Mwana amene tidzamve kuti wagwetsa mnzake kusukulu, akhale pambali milungu iwiri. Aphunzitsi, kuyang'anira ndakupatsani inu, poti mwafunsa ndinu.

Aphunzitsi opuma: Pakamwa pandipachika. Chabwino.

Amalume a ku Kitwe: Sindinavomere, ndangokhala chete. Ndibwera pa Nc'wala mu Febuluwale, ndisanapite ku Mtenguleni ndidzadutsa ku holoko ndione ndi maso anga. A msungichuma, okumba mjigo aja atumiza mtengo?